Chimfine chikatupitsa diso la mwana

Juni akafika, kuzizira kwa ku Neno kumabwera ndi chimfine, ndipo ku Magaleta mwana wamamina sadabwitsa munthu. Ambiri amachira okha. Koma pali ena amene amapitirira masiku 10 osapeza bwino, kapena amaoneka ngati achira kenaka thupi n'kutenthanso, mpaka tsiku lina kudzuka chikope chitatupa, diso litatsekeka.

Apa ndi pamene makolo amasokera. Amati ndi matenda a maso, n'kuthamangira mankhwala odonthezera, ena mpaka kufinyiramo madzi a masamba. Chonsecho gwero lili m'mphuno. M'mafupa a nkhope muli timphako ta mpweya tolumikizana ndi mphuno, timene madokotala amati sinus. Chimfine chikatseka njira zake, mabakiteriya monga Streptococcus pneumoniae ndi Haemophilus influenzae amaswana m'menemo. Fupa lolekanitsa timphakoti ndi diso n'lopyapyala ngati pepala, choncho mafinya savutika kudutsa. Akaunjikana kuseri kwa diso amalikankhira kunja, ndipo akapanikiza mtsempha woonera, mwana akhoza kuchita khungu.

Kwa ana osinkhukirapo ngozi imachokeranso pachipumi, pomwe timphako take timayamba kukula mwana ali ndi zaka pafupifupi 7. Pamatuluka chotupa chofewa, chimene dokotala wa ku London, Percivall Pott, adachifotokoza m'zaka za m'ma 1700. Kuseri kwa fupa limenelo kuli ubongo. Mafinya akaloza kumeneko amayambitsa matenda oumitsa khosi kapena chithupsa mu ubongo.

Katemera wa Hib, amene adayamba m'Malawi mu 2002, ndi wa chibayo wa mu 2011, adachepetsa matenda ochokera ku mabakiteriya awiri aja, koma alipo mabakiteriya ena amene akatemerawa sawagwira.

Vuto la Magaleta ndi mtunda. Chipatala chaching'ono cha kumeneko chimatumiza wodwala wotere ku chipatala cha boma ku Neno, komwe bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo lakhala likugwira ntchito ndi boma kuyambira 2007, kuti akalandire mankhwala odzera m'mitsempha. Kujambula m'mutu ndi opaleshoni yochotsa mafinya n'ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, ndipo misewu ya ku Neno njovuta. N'chifukwa chake mwana wa chimfine akatupa chikope kapena chipumi, akamaona zinthu ziwiriziwiri, kusanza ndi mutu waukulu, kuwodzera kosadzutsika kapena kuchita linjirinjiri, ulendo wa kuchipatala uyambike tsiku lomwelo, ngakhale kutada.