Matochi Otchaja: Batire Lake Silifanana ndi Lija Tinazolowera

Masiku ano n'kovuta kupeza khomo lopanda tochi yotchaja, muno mu kampu ngakhalenso m'makomboni a m'mapulazi a ku Mashonaland kumene abale athu ambiri amagwira ntchito. Mlonda wa usiku ku Banket ali nayo. Wosonkhezera moto m'mabarani a fodya ku Mvurwi kapena ku Trelawney amaivala pamphumi kuti manja onse agwire nkhuni. Mayi woperekeza mwana kuchimbudzi usiku sangatuluke popanda iyo, poti njoka siiuza munthu pamene yagona. Magetsi a ZESA safika m'nyumba zambiri zotere, ndipo kumene amafikako amathimathima. Ena mukukumbukira chaka cha 2019, pamene madzi anachepa ku Kariba, magetsi n'kumathima mpaka maola 18 pa tsiku.

Tochi zimenezi n'zabwino, ndipo sindikulemba kuti muziope. Chimene ndikufuna timvetsetsane n'chakuti batire la m'kati mwake, lotchedwa lithium-ion, si lofanana ndi mabatire akale a wailesi aja. Akale aja akafooka tinkawaanika padzuwa, kuwaluma, kapena kuwagogoda ndi mwala kuti wailesi ilankhulekonso mpaka mpira uthe. Nzeru zonsezo n'zimene zingaphulitse batire la lithiyamu m'manja mwanu.

Mukatsegula tochi zambiri zowala kwambiri mupezamo batire lobulungira, lalitali ngati chala cha munthu wamkulu, lolembedwa 18650. Nambalayo ndi muyeso wake chabe: mamilimita 18 m'mimba mwake, 65 m'litali. M'kati muli timapepala tiwiri tachitsulo tokulungidwa pamodzi monga tikulungira mphasa, ndipo pakati pake pali kapulasitiki kopyapyala kuposa tsitsi koletsa kuti timapepalato tisakhudzane. Zonsezi zanyowa ndi madzi a mankhwala amene amayaka moto. Kapulasitiki kaja kakabooka chifukwa batire laphwanyika, kapena kakasungunuka chifukwa cha kutentha, mphamvu yonse imene inayenera kukuunikirani usiku wathunthu imatuluka m'kamphindi. Kutenthako kumabala kutentha kwina, ndipo zikayamba sizisiya zokha. Batire limalira ngati mpweya wotuluka m'tayala, limatulutsa utsi woipa, kenako lawi. Tochi ikakhala yachitsulo yotsekeka bwino yosalowa madzi, mpweyawo umasowa potulukira ndipo tochiyo imatha kuphulika.

Mabatire amtunduwu anayamba kugulitsidwa ndi kampani ya Sony mu 1991, ndipo ndi omwewo ali m'mafoni athu. Ngakhale makampani aakulu amawaopa: mu 2016 Samsung inaitanitsa mafoni onse a Galaxy Note 7 chifukwa mabatire ake ankayaka. Chodabwitsa n'chakuti mwala wa lithiyamuwo ukukumbidwa konkuno, ku mgodi wa Arcadia ku Goromonzi komanso ku Bikita. Umapita kunja, ndipo zimene zimabwerera pa misika yathu nthawi zambiri si mabatire apamwamba ayi.

Pogula

Kaya mwagula ku Mbare, ku Gulf Complex mu Harare, kapena kwa mnyamata woyala katundu pansi ku Chinhoyi kapena ku Bindura, yang'anani nambala yotsatana ndi zilembo zakuti mAh. Imeneyo imanena kuchuluka kwa moto umene batire lingasunge. Batire lenileni la 18650, lopangidwa ndi makampani ngati Panasonic, Samsung, LG kapena Murata, silipitirira kwenikweni pa 3,500 mAh. Ndiye mukaona lolembedwa 6,800 kapena 9,900 mAh, dziwani kuti wolembayo wanama, ndipo munthu wonama pa nambala sangakuuzeni zoona pa za m'kati. Kulemera kumaululanso. Lenileni limalemera pafupifupi magalamu 45. Labodza limapepuka moti mukaika limodzi kudzanja ili, lina kudzanja linalo, mumva kusiyana popanda sikelo.

Alipo mabatire ena olembedwa kuti Protected. Amenewa ali ndi kachipangizo kakang'ono kumapeto kwake kamene kamadula moto batire likadzaza mopitirira, likatha mopitirira, kapena mawaya akakhudzana. Amatalikirapo pang'ono, mamilimita 68 mpaka 70, motero salowa m'tochi iliyonse, koma ngati akulowa m'yanu, ndalama yoonjezerayo musaidandaule. Mabatire ochotsedwa m'malaputopu akufa, amene ena amagulitsa motchipa, alibe chitetezo chimenechi, ndipo palibe amene akudziwa zaka zimene agwira ntchito.

Samalani ndi kabatire kolembedwa 14500. Kukula kwake n'chimodzimodzi ndi batire wamba la AA, koma mphamvu yake ndi 3.7V pamene la AA ndi 1.5V. Mukakaika m'tochi kapena m'wailesi yofuna AA, chinthucho chimapsa.

Chikutiro cha pulasitiki

Apa ndichedwapo, chifukwa ambiri amaganiza kuti pulasitiki yokutira batire ndi yokongoletsera. Thupi lonse lachitsulo la batire, kuyambira pansi mpaka m'khosi, ndi mbali ya (-). Mbali ya (+) ndi kadontho ka pamwamba kaja basi, ndipo pakati pa ziwirizi pali kampata kochepa kwambiri kotetezedwa ndi kamphete ka pepala kapena pulasitiki. Chikutiro chikang'ambika cha kumutu, chitsulo chilichonse chogwera pamenepo chimalumikiza mbali ziwirizo. Ngakhale thupi la tochi yeniyeniyo likhoza kuchita zimenezi pamene mukulowetsa batire.

N'chifukwa chake batire lopuma silisungidwa m'thumba la buluku kapena la ovolosi limodzi ndi makiyi, ndalama zachitsulo, misomali kapena zidutswa za waya. Anthu apsa ntchafu ndi zimenezi m'maiko ambiri. Alonda ndi othirira tirigu usiku, amene amakonda kunyamula batire lachiwiri, alisunge m'kabokosi ka pulasitiki. Kabotolo kouma ka mapiritsi kamene batire likukwanamo lokha kamathandizanso. Batire long'ambika pang'ono m'mbali, okonza mafoni ena amatha kuliveka chikutiro chatsopano. Koma lopindika, lobonyoka, lochita dzimbiri, lotupa, kapena lonunkha fungo lotsekemera ngati mankhwala ochotsera penti wa m'zikhadabo, ntchito yake yatha. Musalipatse mwana kuti aziseweretsa pa galimoto yake ya mawaya.

Nthawi yoopsa kwambiri ndi yotchaja. Batire limeneli likadzaza limafika pa 4.2V, ndipo siliyenera kupitirira pamenepo ngakhale pang'ono. Tchaja yopangidwira mabatire a lithiyamu imadziwa poimira. Ikafika pamenepo kanyali kofiira kamasanduka kobiriwira. Waya wolumikiza batire mwachindunji ku batire la galimoto la 12V, kapena ku sola yapadenga imene padzuwa imatulutsa 18V kapena kuposa, sadziwa poimira. Ndikudziwa kuti anyamata athu ndi aluso, ndipo lusolo latithandiza pa zambiri, koma apa pokha ayi. Ngati mukutchajira pa sola, moto udutse kaye pa kontrola kapena pa doko la USB, kenako pa tchaja yake ya batirelo.

Nyali zambiri za sola zimene mabungwe amagawa zili ndi batire la mtundu wina lolembedwa 3.2V kapena LiFePO4. Limenelo limadzaza pa 3.6V, choncho musalichotse n'kukaliika pa tchaja ya 4.2V, ndipo musalowetse la 3.7V m'malo mwake nyali ikafooka. Pitani nayo kumene munailandira mukafunse.

Tchajani masana, muli maso, muli pafupi. Batire labwino limadzaza m'maola atatu mpaka asanu ndi limodzi malinga ndi tchaja, ndiye palibe chifukwa cholisiyira usiku wonse anthu ali m'tulo, chitseko chili chokhoma. Ikani pa simenti, pa njerwa kapena m'mbale yadothi, kutali ndi matiresi, neti ya udzudzu, zovala ndi denga la udzu. Pansi pa pilo, pamene ambiri amabisa tochi ndi foni poopa akuba, ndiye malo oipitsitsa, chifukwa kutentha sikupeza kothawira. A m'mapulazi ali ndi chiyeso china: soketi yokhayo imene ili ndi magetsi imapezeka m'shedi yosankhira fodya kapena m'sitolo ya feteleza ndi dizilo. Fodya wouma sachedwa kugwira moto, ndipo ntchito ya chaka chonse ya anthu ambiri ikhoza kupsa chifukwa cha tochi imodzi. Pemphani a kapitawo akuonetseni malo ena. Batire kufunda pang'ono potchaja si vuto. Likatentha moti simungalifumbate, zulani msanga.

Kutentha kwa kunja nakonso kumawerengedwa. Opanga amanena kuti batire lisatchajidwe pamalo otentha kupitirira madigiri 45, ndipo lisasungidwe popitirira 60. M'mwezi wa Okutobala, pansi pa malata, m'tenti yotseka kapena pa dashibodi ya lole masana, kutentha kumayandikira pamenepo. Tochi isasiyidwe pakhoma la ng'anjo ya barani kapena pafupi ndi mbaula. Kuzizira kwa mu Juni ndi Julayi nakonso: m'mawa wa chisanu choyera pa udzu, dikirani dzuwa likwere musanatchaje batire logona panja.

Musadikire kuti tochi ithimiretu. Ikayamba kufiira, tchajani. Batire likatsika kupyola 2.5V n'kukhala choncho masabata, m'kati mwake mumaonongeka mosaoneka ndi maso. Tchaja yabwino imalikana. Ena amalidzidzimutsa ndi batire la galimoto kuti lidzuke, ndipo limadzukadi, koma limakhala batire lodikira tsiku. Ngati mukuchoka kwa miyezi, lisiyeni lili ndi moto wa theka, pamalo ozizira ndi ouma, ndipo masulani pang'ono chotsekera cha kumbuyo kwa tochi kuti isadziyatse yokha m'chikwama.

Tochi zolowa mabatire awiri otsatizana zimafuna munthu wodziwa. Awiriwo ayenera kukhala a kampani imodzi, ogulidwa tsiku limodzi, otchajidwa limodzi nthawi zonse. Mukasakaniza latsopano ndi lakale, lofooka limatha msanga ndipo lamphamvu limayamba kulikankhira moto chobwerera. Ngozi zambiri za matochi zimachokera pamenepa.

Zikavuta

Mukamva kulira kwa mpweya, fungo lachilendo, kapena tochi yatentha mwadzidzidzi, musaitsegule kuti muone. Zulani pa magetsi ngati mungathe kutero osaigwira, tulutsani ana, ndipo ngati isanayake ikankhireni panja pa dothi ndi fosholo kapena khasu. Utsi wake ndi wapoizoni, musaime kumene ukupita. Ikayaka, ndipo yachoka kale pa magetsi, thirani madzi ambiri muli chapatali. Ogwira ntchito m'ndege amaphunzitsidwa zomwezi foni ikayaka, chifukwa madzi amaziziritsa. Mchenga kapena dothi zimathandiza kuti moto usafalikire. Batire lotere limatha kuyakanso patapita nthawi, choncho lisiyeni panja mpaka mawa. Wopsa athire madzi ozizira oyera pabalapo kwa mphindi 20, osapaka mafuta, dzira kapena mankhwala otsukira mano, kenako apite kuchipatala. Wopuma utsi n'kumatsokomola kapena kubanika apitenso.

Batire lakufa lisaponyedwe m'dzala limene timatentha, m'chimbudzi kapena m'munda. Matani tepi mbali zonse ziwiri, liikeni m'chitini cha mchenga wouma pamene ana safika, ndipo funsani ku ofesi kapena kwa ife odzipereka za kumene lingaperekedwe.

Tsono za amene akugula koyamba, kaya ndi agogo, kaya mwana wa sukulu wofuna kuwerenga usiku, kaya m'bale wongofika kumene. Ena a ife tikadziwa kanthu timafuna kunena zonse nthawi imodzi, manambala ndi mayina a makampani, mpaka munthu amangovomera osagwirapo kanthu. Ena amangoti "n'chimodzimodzi foni" n'kumusiya. Ine ndimaona kuti woyamba kumene asayambe ndi tochi yotulutsa batire. Agule ya batire limodzi lotsekeredwa m'kati, yotchajira pa USB, kapena agwiritse nyali ya sola imene analandira. Tochi ya mabatire wamba a AA si yochititsa manyazi, ndipo kwa mwana wamng'ono ndiyo yoyenera. Ngati wagula kale ya 18650, khalani naye pansi, mutsegule tochiyo pamodzi. Muonetseni mbali ya (+) ndi kumene imaloza, ayendetse chala chake pa chikutiro kuti adziwe chosang'ambika mmene chimamvekera, ndipo musankhe naye malo m'nyumba mwake momwemo pamene azitchajira. Kwa agogo nenani mosabisa kuti ili si loanika padzuwa kapena kuluma. Patapita sabata mukadutseko, muone pamene tochiyo ikugona.