Zibaluni za pa chikondwerero zimakathera m'chifu cha mbuzi

Chaka cha sukulu chikamapita kumapeto, m'miyezi ya Juni ndi Julayi, sukulu zambiri zimakonza mwambo wotsanzikana ndi ophunzira. Ana a sukulu zamkaka amavekedwa magauni, a Fomu 4 amavina, makolo ali kalikiliki kujambula pa foni. Masiku ano kwabwera kachitidwe kena kamene tikutengera pa Facebook ndi TikTok: mwambo ukamatha, ana amapatsidwa zibaluni zopopedwa mpweya wouluka, amawerenga mpaka katatu, kenako n'kuzisiya zipite kumwamba anthu akuomba m'manja. Ine ndine dokotala wa ziweto, ndipo ntchito yanga imandifikitsa kumene zibaluni zoterezi zimakathera. Choncho sabata ino ndiyambe ndasiya za katemera wa chitopa ndi za dibi, kuti tikambirane nkhani yomwe ambiri sadziwa kuti imakhudza khola.

Chibaluni wamba chimapangidwa kuchokera ku utomoni wa mtengo wa mphira, mtengo womwewo umene umalimidwa ku Vizara m'boma la Nkhata Bay. Kuti chiuluke chokha, amachipopa mpweya wa helium, umene ndi wopepuka kuposa mpweya umene timapumawu. Chikamakwera, mpweya wochipanikiza kunja umanka nuchepa, choncho chimafufuma pang'onopang'ono. Chikafika pamtunda wa makilomita pafupifupi 8, kumene kumazizira koopsa, mphira uja amauma gwa ndipo chimaphulika n'kung'ambika tizingwezingwe. Zina sizifika kutali choncho. Mpweya umatuluka pang'onopang'ono, mphepo n'kuziuluza makilomita ambirimbiri, mpaka zitagwa zamphumphu ndi kachingwe kake kali komweko. Palibe chibaluni chimene chimatsakamira kumwamba. Chilichonse chimagwa pamunda pa munthu, m'dambo, mumtsinje kapena m'nyanja, ndipo woulutsayo alibe mphamvu yosankha pomwe chikagwere.

Ogulitsa amakonda kunena kuti palibe chodetsa nkhawa, poti mphira ndi wochokera ku mtengo ndiye amawola ngati tsamba. Utomoni ndi wa mtengo inde, koma usanasanduke chibaluni umaphikidwa ndi sulufule kuti ulimbe, n'kuthiridwa utoto ndi mankhwala ena oletsa kufumbutuka. Mu 2020 akatswiri a ku University of Tasmania, m'dziko la Australia, anayesa nkhaniyi. Anaika zibaluni m'madzi abwino, zina m'madzi amchere a m'nyanja yaikulu, zina m'mulu wa manyowa, n'kudikira masabata 16. Atazitulutsa, zinali zidakali zibaluni, zosawola, ngakhale zija zinalembedwa pa paketi kuti n'zowola. Kachingwe kokongoletsera kaja, riboni, ndi pulasitiki weniweni. Ndiye pali zibaluni zonyezimira zija zolembedwa manambala ndi mawu oyamikira: zimenezo ndi pulasitiki wokutidwa ndi kachitsulo kopyapyala, ndipo zikakodwa pa mawaya a magetsi zimatha kuthetheka moto n'kuzimitsa magetsi dera lonse.

Tsopano tilowe m'khola, kumene ndimadziwako bwino. Ng'ombe ilibe mano akutsogolo a m'mwamba. Ikamadya imakulunga udzu ndi lilime, n'kuuzula, n'kumeza osatafuna mokwanira. Kutafuna kwenikweni imachita pambuyo pake, itagona pamthunzi, pamene ikubzikula. Kadyedwe kameneka kamaithandiza kudzaza mimba msanga, koma kamachititsanso kuti ilephere kulavula chachilendo chimene chalowa limodzi ndi udzu. Mbuzi imasankhako ndi milomo yake, komabe ndi nyama yachidwi, imalawa chilichonse chowala kapena chonunkhira mchere.

Mimba ya ng'ombe, mbuzi ndi nkhosa ili ndi zigawo zinayi. Choyamba, chomwenso ndi chachikulu, ndi chifu, chija timagula pa butchala chooneka ngati thaulo. Mwa ng'ombe yaikulu chifu chimatha kulowa malita oposa 100. M'menemo mumakhala tizilombo tosaoneka ndi maso, mamiliyonimamiliyoni, timene timagaya udzu m'malo mwa ng'ombeyo. Tizilombo timeneti timadziwa udzu, mapesi, gaga ndi masangwi a mtedza. Mphira ndi pulasitiki sitimazidziwa. Kanjira kotulukira m'chifu kupita m'zigawo zotsatira n'kakang'ono, kamalola zogayika zokha, choncho chosagayika chimatsala momwemo. Chifu sichikhala phee, chimatakasa chakudya usana ndi usiku, ndipo pakutakasapo jumbo limakumana ndi linzake, kansanza n'kuphatikana nazo. Chingwe chikalowamo chimamanga zonsezo pamodzi mpaka zitasanduka chimpira cholimba chimene sichingabwerere kukamwa kapena kupitirira m'matumbo.

Chimpira chimenechi ndimachiona poyeza nyama pamalo ophera, m'mamawa nyama isanadindidwe chidindo kuti ikagulitsidwe. Wosenda akang'amba chifu, pamalo pa msipu wobiriwira wonunkha bwino pamatuluka chinthu chakuda bii, cholemera, choterera. Ukachitsuka pampopi ndi kuyamba kuchimasula ndi mpeni, umawerenga mbiri yonse ya kumene nyamayo inkadya: majumbo abuluu a kumsika, mapepala a mafirizesi, zidutswa za thumba la feteleza, ulusi wa neti ya udzudzu. Mwa mbuzi ina yaikazi imene inabwera kuchokera kumudzi woyandikana ndi tauni, ndinapeza mlomo wa chibaluni chofiira, mfundo yake ili chimangire, riboni yagolide itazungulira chimpira chonsecho. Utoto unali usanasuluke n'komwe. Mwini mbuziyo, bambo wachikulire, anagwira pakamwa n'kunena kuti, "Adokotala, ine ndimaiona ikutha thupi ndimati ndi njoka za m'mimba. Ndagula mankhwala kangapo konse." Anaigulitsa pamtengo wolira chifukwa inali itatsala mafupa okhaokha, chikhalirecho ndi mbuzi imene ankaiyembekezera kuti imupatsa fizi ya mdzukulu wake.

Matenda amenewa amabisala chifukwa sapha tsiku limodzi. Nyama imamva ngati yakhuta pamene m'chifu muli zinyalala, ndiye imadya pang'ono. Imayamba kuonda, ubweya umanyankhalala, ndowe zimachepa n'kumatuluka zouma, mkaka umachepa, koma mimba ili tumbi, makamaka mbali ya kumanzere. Mukaipatsa mankhwala a njoka palibe kusintha. Kwa mbuzi, dokotala akapapasa pamimba ndi manja awiri nthawi zina amachimva chimpiracho chikuyendayenda. Palibe jakisoni kapena mankhwala akumwa amene angasungunule pulasitiki. Njira yokhayo ndi opaleshoni: kubaya mankhwala ochititsa dzanzi, kung'amba pamimba mbali ya kumanzere, kumbuyo kwa nthiti, kutsegula chifu, kutulutsa zinyalala ndi dzanja, n'kusoka. Ntchitoyi imatheka ndipo nyama zambiri zimachira zikafika msanga, koma mtengo wake nthawi zina umaposa mtengo wa mbuziyo, ndiponso midzi yambiri ili kutali ndi dokotala woti angaichite. Kwa ana a ng'ombe ngozi imakhala yofulumira. Chibaluni chikatsakamira pakhosi, mpweya umene umapangika m'chifu umasowa potulukira, mimba imafufuma mpaka kupanikiza mapapo, ndipo thole likhoza kufa tsiku lomwelo.

Nyengo imene timachita miyamboyi ndiyo imawonjezera vutoli. Nthawi ya dzinja mbuzi zimakhala zomangirira ndipo ng'ombe zimayenda ndi abusa poopa mbewu za anthu. Kukolola kukatha, ziweto zimatayiriridwa kuti zizidzidyera m'minda ndi m'madambo. Imeneyi ndi miyezi yomweyo imene sukulu zikutsekera, mwera ukuomba mwamphamvu n'kumauluza chilichonse chopepuka. Kuchokera apo msipu umanka nuuma mpaka Okutobala ndi Novembala. Udzu wouma umakhala wopanda michere yokwanira m'thupi, ndipo nyama yosowa michere imayamba kutafuna mafupa, nsanza, dothi ndi mapepala. Chibaluni chimene chagwa mu Julayi chimakhala chili pomwepo kudikira mbuzi yanjala ya mu Okutobala.

Zogwera m'madzi nazo zili ndi ulendo wake. Mitsinje yathu yambiri imathira m'nyanja ya Malawi, nyanjayo imatulukira mu Shire, Shire amathira mu Zambezi, ndipo Zambezi amakathera m'nyanja ya mchere ya Indian Ocean ku Mozambique, kumene kumakhala akamba a m'nyanja. Chibaluni chong'ambika chikamayandama chimafanana ndi tinyama tofewa timene akambawo amadya. Mu 2019 gulu la akatswiri lotsogozedwa ndi Lauren Roman ku Australia linafalitsa zimene linapeza litang'amba mbalame za m'nyanja 1,733 zopezeka zitafa. Linapeza kuti mbalame imene yameza chidutswa cha chibaluni ili pachiopsezo cha imfa chochuluka ka 32 kuyerekeza ndi imene yameza pulasitiki wolimba. Chifukwa chake dokotala aliyense wa nyama amachimvetsa: kachidutswa kolimba kamatha kutsetsereka n'kutuluka, pamene chofewa chimapindika, kumatirira ndi kutseka matumbo.

Dziko linaphunzirapo kale za nkhaniyi mowawa. Pa 27 Seputembala 1986, mumzinda wa Cleveland ku America, bungwe lachifundo la United Way linaulutsa zibaluni pafupifupi 1.5 miliyoni nthawi imodzi pofuna kutchuka ndi kupeza ndalama zothandizira anthu. Mvula ndi mphepo yozizira zinazibweza pansi zisanaphulike. Zinadzaza misewu, bwalo la ndege la Burke Lakefront linatseka njira yotera ndege kwa kanthawi, mahatchi a mlimi wina anadzidzimuka n'kudzivulaza. Pa nyanja ya Erie, asilikali opulumutsa anthu anali kufunafuna asodzi awiri amene anasowa, koma analephera kusiyanitsa mutu wa munthu ndi zibaluni zoyandama pamadzi. Mitembo ya asodziwo inadzapezeka pambuyo pake m'mphepete mwa nyanja. Okonza mwambowo anali ndi cholinga chabwino, monga momwe alili aphunzitsi athu.

Wina anena kuti zibaluni 50 za pa sukulu imodzi n'zochepa poyerekeza ndi majumbo amene ali mbwee m'misika yathu. Zimenezo n'zoona. Mdani wamkulu wa chifu cha ziweto m'Malawi ndi jumbo. Kafukufuku wina amene anachitika ku Mponela m'boma la Dowa anapeza mapulasitiki m'mimba mwa ziweto 40 pa 100 zilizonse zophedwa. Boma linaletsa mapepala apulasitiki opyapyala osafika mamaikiloni 60 mu 2015, khoti lalikulu la apilo linagwirizana ndi chiletsocho mu 2019, ndipo Gloria Majiga-Kamoto, amene anamenya nawo nkhondoyi ataona mbuzi za alimi zikufa, analandira mphoto ya Goldman mu 2021. Koma jumbo limagwira kaye ntchito yonyamula tomato lisanatayidwe, ndipo wolitaya amadziwa kuti walakwa. Chibaluni choulutsa chimagulidwa n'cholinga choti chitayidwe, chimatayidwa pamaso pa mwana, mlendo wolemekezeka akuomba m'manja. Mwana yemweyo Lachisanu anatola zinyalala pabwalo la sukulu ndipo anaphunzira m'kalasi za kusamalira chilengedwe. M'mera mpoyamba: chimene mwana waona akuluakulu akuchita mosangalala ndicho amakula nacho.

Palinso kuwononga kwa mpweya wa helium. Mpweyawu umakumbidwa pansi panthaka m'maiko owerengeka, supangidwa m'fakitale, ndipo ukathawira m'mlengalenga subwereranso. Ndi umene umaziziritsa makina ambiri a MRI ojambulira m'kati mwa thupi la wodwala. Makolo adziwenso kuti chibaluni chosapopa kapena chophulika ndi choopsa kwa ana aang'ono, chifukwa chikamezedwa chimamata panjira ya mpweya. N'chifukwa chake mapaketi ambiri amachenjeza za ana osafika zaka 8.

Malo amene mwambowu unazika mizu ayamba kuusiya. Anthu a ku Gibraltar ankaulutsa zibaluni 30,000 pa tsiku lokumbukira dziko lawo, koma anasiya mu 2016. Sukulu yaukachenjede ya Clemson ku America inasiya mu 2018 kuulutsa zibaluni pa masewero ake a mpira. Chigawo cha Queensland ku Australia chinaletsa mchitidwewu mwalamulo mu 2023, ndipo Florida anachita chimodzimodzi mu 2024. Sitiyenera kutola lero chimene eni ake akuchitaya ataona kuipa kwake.

Chikondwerero sichifooka chifukwa chosowa zibaluni zouluka. Kalasi yotsanzika ikhoza kupatsidwa mbande za mango, mibawa kapena nsangu kuti izisamale mpaka mvula itagwa, n'kudzazibzala pasukulupo dzina la kalasi litalembedwa pambali. Ng'oma, kwaya, ndakatulo ndi magule zilipo kale ndipo ana amazikonda. Ngati mwakongoletsa holo ndi zibaluni, zipopeni ndi pampu wamba, zimangeni zolimba, ndipo mwambo ukatha munthu wamkulu aziphulitse, azitolere pamodzi ndi zingwe zake n'kuzitaya kumene ziweto ndi ana sangafike.

Kwa inu alimi anzanga, yenderani malo odyetsera ziweto n'kumatola mapepala, ikani mwala wamchere wonyambita m'khola nthawi ya chilimwe, ndipo nyama ikamaonda ngakhale mwaipatsa mankhwala a njoka, itanani alangizi a ziweto a m'dera lanu isanafooke. Kwa inu aphunzitsi aakulu, makomiti a makolo ndi eni sukulu, pamene mukulemba ndondomeko ya mwambo wa chaka chino, fufutanipo mzere woulutsa zibaluni, ndipo muwauze anawo chifukwa chake. Mbuzi imene mungaipulumutse ndi yomwe imalipira fizi ya mwana wina amene adzakhale pa desiki lomwelo chaka chamawa.