Chuku cha Aspergillus flavus ndi Poizoni Wake wa Aflatoxin

Tikakolola chimanga kapena mtedza n'kuzisunga zisanaume bwino, timaona chuku chobiriwira mwachikasu chitamera pa mbewuzo. Chimodzi mwa zamoyo zimene zimabweretsa chukuchi ndi Aspergillus flavus, kachamoyo ka m'gulu la bowa kamene kamakhala m'nthaka. Kamakonda kutentha ndi chinyezi, ndipo kamalowa mosavuta m'mbewu zofooka ndi chilala, zobooledwa ndi anankafumbwe kapena zosweka pokolola.

Pamene kakukula, kachamoyoka kamatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin, makamaka wa mtundu wa B1 ndi B2, komanso wina wotchedwa cyclopiazonic acid. Woopsa kwambiri ndi B1. Ng'ombe ikadya chakudya chachuku, thupi lake limasandutsa B1 kukhala M1, amene amatuluka mu mkaka. Chimodzimodzinso mayi woyamwitsa angathe kupatsira mwana wake.

Poizoniyu anadziwika pambuyo pa chaka cha 1960, pamene nkhukundembo zoposa 100,000 zinafa ku England zitadya chakudya cha mtedza wochokera ku Brazil. M'chaka cha 2004, kum'mawa kwa Kenya anthu 317 anadwala ndipo 125 anamwalira atadya chimanga chachuku.

Aflatoxin amaononga chiwindi. Akachuluka amapha m'masiku ochepa; akamalowa m'thupi pang'onopang'ono kwa zaka zambiri amayambitsa khansa ya chiwindi, makamaka kwa amene ali ndi kachilombo ka Hepatitis B. Kafukufuku waonetsanso kuti ana amene amadya poizoniyu kawirikawiri amapinimbira. Tidziwe kuti kuphika, kukazinga kapena kusinja sikuthetsa poizoniyu, ndipo mbewu ingathe kukhala naye ngakhale chuku sichikuoneka ndi maso.

Nanga tingadziteteze bwanji? Tikolole pa nthawi yake, ndipo tiyanike mbewu pa mphasa kapena pa lona, osati pa dothi. Chimanga chiume mpaka chinyezi chitsike kufika pa 13 peresenti tisanachiike m'matumba, ndipo matumbawo tiwasanje pa thandala m'chipinda chopita mphepo. Tileke chizolowezi chowaza madzi pa mtedza pofuna kuti usavute kusenda. Tisankhe ndi kutaya mtedza wofota, wosweka ndi wowola.

Kawirikawiri mtedza wabwino timagulitsa, wotsalira n'kusinja nsinjiro zothira m'phala la ana. Potero poizoni wochuluka timapatsa iwo amene matupi awo ndi ofooka koposa. Mbewu zachuku tisadye, tisafululire mowa, ndiponso tisadyetse ziweto. Tizikwirire pansi kapena kuzitentha.