Kansomba kamene kakuthandiza kumvetsa khansa ya chithokomiro

M'midzi ya kwa Mfumu Ndake, monganso m'madera ena a Nyimba ndi Petauke, anthu amachidziwa chithokomiro, kutupa kwa kutsogolo kwa khosi. Kawirikawiri chimabwera chifukwa chosowa ayodini m'chakudya, n'chifukwa chake dziko la Zambia lidaika lamulo lothira ayodini mumchere mu 1978 n'kulikhwimitsa mu 1994. Zotupa zambiri za pakhosi si khansa ayi. Komabe zilipo zochepa zimene zimapezeka kuti ndi khansa, ndipo amayi amagwidwa nayo pafupifupi katatu kuposa abambo.

Chotupa cha khansa sichikula popanda magazi. Mu 1971 dokotala wa ku Boston, Judah Folkman, adafotokoza kuti chikangofika mamilimita 1 kapena 2 chimaima, pokhapokha chitapeza mitsempha yatsopano. Chikabanika posowa mpweya chimatulutsa puloteni yotchedwa VEGF, imene imachititsa mitsempha yapafupi kuphuka tinthambi tolunjika kwa icho. Mitsempha yoteroyo imakhala yokhotakhota ndi yochucha, ndipo maselo a khansa amatha kudzeramo kupita m'mapapo ndi m'mafupa.

Zimenezi n'zovuta kuziona zikuchitika m'khosi mwa munthu. Apa mpamene pakulowera zebrafish, kansomba kamizeremizere ka m'mitsinje ya ku India ndi Bangladesh, kofanana msinkhu ndi kapenta. Majini 70 mwa 100 aliwonse a munthu ali ndi anzake mwa kansombaka, ndipo tiana take timaonekera mkati. Mu 2002 Nathan Lawson ndi Brant Weinstein adapanga mtundu wake umene mitsempha ya magazi imawala mobiriwira pa maikulosikopu.

Ofufuza, kuphatikizapo a ku Milan ku Italy, amatenga kamwana ka nsombayi ka masiku awiri, n'kukagonetsa ndi mankhwala, kenaka n'kukabaya maselo a khansa ya chithokomiro opakidwa utoto wofiira. Thupi la kamwanako silikana maselowo chifukwa chitetezo chake chimakhala chisanakhwime. Pasanathe masiku atatu, timitsempha tobiriwira timaoneka tikupatuka panjira yake kulondola kadontho kofiira kaja. Akathira mankhwala m'madzi amene kansombako kakusambiramo, amayeza ngati tinthambito tachepa. Motero amatha kuyesa mankhwala pa tinsomba tambirimbiri m'sabata imodzi yokha, asanapite ku mbewa kapena kwa anthu.

Mankhwala otsekereza uthenga wa VEGF alipo kale. Ku America adavomereza sorafenib pa khansa imeneyi mu 2013, ndipo lenvatinib mu 2015. Koma ndi okwera mtengo, amakweza BP, ndiponso amaperekedwa khansa ikafalikira n'kukana chithandizo china. Ikapezeka msanga, opaleshoni ndi ayodini wa radiation amachiza odwala ambiri.

Tsono chotupa chikamakula mofulumira, chikalimba, mawu akasasa kapena kumeza kukayamba kuvuta, musataye miyezi mukutemera mphini. Pitani kukiliniki kuti akutumizeni ku Nyimba District Hospital kapena ku Kalindawalo General Hospital ku Petauke. Madokotala amaunika khosi ndi sikani, ndipo pakakhala chikaiko amatengako maselo ndi singano kukapima. Wopezeka ndi khansa amatumizidwa ku Cancer Diseases Hospital ku Lusaka, chipatala chimene chidatsegulidwa mu 2007.