Kugula kapena kuhayala ma ski: nkhani ya msuweni wanga wa ku Joni

Anzanga, ndikudziwa kuti ena mwayamba kale kuseka mutangoona mutuwu. Mukuti, "Iweyo sinowo unamuonera kuti?" Zoona, ndinangomuona pa foni ya amayi basi. Koma nkhani ya ma ski inatsala pang'ono kudya malata a nyumba ya agogo anga, choncho ndinakakamizika kuimvetsa bwino. Werengani kaye, museke pambuyo.

Msuweni wanga, mwana wa amalume, amayendetsa galimoto ya banja lina ku Johannesburg. Mu July chaka chatha mabwana ake anapita kutchuthi ku Lesotho, iye ali pa chiwongolero. Lesotho ndi kadziko kaja kamene pa mapu a m'kalasi kazunguliridwa ndi South Africa mbali zonse. M'mapiri ake a Maloti muli malo otchedwa Afriski, omwe ali pamtunda wopitirira mamita 3,000. Kuti mumvetse, Sapitwa pa phiri la Mulanje, nsonga yaitali kuposa zonse m'Malawi muno, ndi mamita 3,002. Ndiye kuti anthu kumeneko amasewera pamalo okwera ngati Sapitwa. Kuyambira June mpaka August, miyezi yomwe ife timanjenjemera pobwera kusukulu m'mamawa, kumeneko madzi amachita kuuma gwa. Sinowo akachepa, ali ndi makina opopera madzi m'mwamba kukazizira kwambiri, madziwo n'kugwa ngati chipale chofewa.

Nanga ma ski ndi chiyani? Ndi matabwa awiri aatali, opyapyala, opindikira m'mwamba kutsogolo kwake. Mkati mwake nthawi zambiri mumakhala mtengo, pansi pake pulasitiki woterera, m'mphepete mwake kachitsulo kakuthwa kogwira sinowo pokhota. Munthu amavala jombo zolimba za pulasitiki, n'kuziponda pa zogwirira zomwe zinamangidwa pakati pa thabwa lililonse. M'manja amagwira ndodo ziwiri, basi n'kuyamba kutsetsereka phiri.

Abwana anamulipirira msuweni masiku awiri kuti alaweko. Tsiku loyamba akuti anagwa mpaka anasiya kuwerenga. Lachiwiri anaphunzira kuima, poyandikizitsa nsonga zakutsogolo za ma ski n'kutalikitsa zakumbuyo ngati chilembo cha V. Kuyambira pamenepo mutu wake unasokonekera. Atabwerera ku Joni anapeza munthu pa Facebook akugulitsa ma ski akale pamodzi ndi jombo, ndipo anatumiza uthenga wa mawu pa WhatsApp kuti akufuna kugula. Vuto linali lakuti ndalama zake zinali zomwe zija analonjeza kuti atumiza za malata a agogo, omwe denga lawo la udzu limadontha mvula ikangoyamba. Amayi anakwiya kwambiri. Ine ndi amene ndimawawerengera mauthenga, ndiye ndinakhala pakati ngati mkhalapakati wosalipidwa. Ndinamufunsa mafunso ambirimbiri, iyenso anakafunsa munthu yemwe anamuphunzitsa ku Afriski uja, zina tinawerenga pa intaneti bandulo ikakhalapo.

Chinthu choyamba chomwe chinandidabwitsa n'chakuti ma ski a munthu wongoyamba ndi osiyana ndi a katswiri. Wongoyamba amapatsidwa aafupi, oti akawaimika pansi amafika cha pachibwano kapena pamphuno, komanso ofewa, chifukwa otere savuta kukhotetsa ndipo sathamanga mopitirira. Katswiri amafuna aatali, ofika pamutu kapena kupitirira, ndi olimba kuti asagwedezeke pa liwiro. Tsono munthu sakhala wongoyamba mpaka kalekale. Akagula aafupi lero, akadziwa bwino adzawaona ngati achibwana. Akagula aatali kuti "ndidzakula nawo", amavutika kuphunzira, mwinanso kuvulala. Ma ski omwe msuweni anapeza anali aatali kuposa iye mwini. Ndinaona chithunzi chake ndipo ndinaseka, koma amayi sanaseke. Pohayala vuto limeneli palibe: lero akupatsa aafupi, mawa ukaona kuti wazolowera ubweza n'kutenga ena.

Chachiwiri ndi chimene ine ndikuona kuti n'chachikulu, ngakhale sichioneka pa chithunzi. Zogwirira jombo zija sizimangogwira. Zinapangidwa kuti munthu akagwa moipa zimasule jombo, thabwa lichoke, mwendo usapotoke. Tangoganizani thabwa lalitali kuposa mita ndi theka litakakamira kuphazi kwanu inu mukugubuduka, bondo lingapirire? Zogwirirazi zimachunidwa ndi nambala, ndipo nambalayo imatengera kulemera kwa munthu, kutalika kwake, zaka zake, kutalika kwa jombo ndi luso lake. Nambala ikakhala yaikulu kwambiri sizimasula pamene ziyenera kumasula. Ikachepa kwambiri zimamasula munthu ali pa liwiro. Kumalo ohayalitsa amakufunsa zonsezi n'kukuchunira usanatuluke. Ukagula kwa munthu wa pa Facebook, zogwirirazo zinachunidwira thupi la mwiniwake wakale, ndipo zikakhala zakale kwambiri amisiri ambiri amakana n'kuzikhudza komwe, poopa mlandu ukavulala. Msuweni ntchito yake ndi ya miyendo pa buleki ndi kilachi. Bondo likathyoka, ntchito yatha, ndipo sikuti ndi malata okha omwe angaime kwathu kuno.

Kenako pali masamu, ndipo apa ndinamugonjetsa ine wa folomu 2. Njira yake ndi yophweka: tenga mtengo wogulira, ugawe ndi mtengo wohayala tsiku limodzi, yankho lake ndi masiku omwe uyenera kusewera kuti ndalama zako zibwerere. Tingoyerekeza ndi manambala osavuta. Tinene kuti ma ski, jombo ndi ndodo zonse pamodzi ndi 9,000 randi, kuhayala ndi 300 randi patsiku. Gawani, mupeza masiku 30. Munthu wa ku Norway kapena ku Austria, yemwe phiri lili kuseri kwa nyumba yake ndipo amapitako Loweruka lililonse kwa miyezi ingapo, masiku 30 akhoza kuwakwanitsa m'chaka chimodzi kapena ziwiri. Ameneyo agule ndithu. Koma msuweni amapita kokha abwana akamapita, masiku awiri pachaka. Masiku 30 kugawa ndi 2 ndi zaka 15! Pofika nthawi imeneyo ine ndidzakhala ndi zaka 30, mwina ndi ana akusukulu. Ndiponso ndani akudziwa ngati abwanawo adzapitenso chaka chamawa?

Masamuwo sanathe, chifukwa ma ski amadya ndalama ngakhale ali phee. Pansi pake pamafunika kupaka phula kuti paziterera, zitsulo za m'mphepete zimafunika kunola, ndipo zikasungidwa zonyowa zimachita dzimbiri. Msuweni amagona m'kachipinda kamodzi kuseri kwa nyumba ya abwana. Matabwawo akanawaika pati miyezi yonseyo, pansi pa bedi?

Sindikunena kuti kuhayala kulibe zowawa. Msuweni akuti m'mamawa pamakhala mzere wautali, ena akusewera kale iwe uli chiimire. Jombo zake zavalidwa ndi mapazi ambirimbiri, fungo lake musafunse, ndipo zinamutupitsa chala chachikulu. Komanso ulendo uliwonse umapatsidwa ma ski ena, ndiye umayamba wawazolowera kaye. N'chifukwa chake odziwa amati munthu akatsimikiza kuti masewerawa wawakondadi, choyamba kugula chikhale jombo, osati matabwa. Jombo zimayezedwa potengera kutalika kwa phazi m'masentimita, ndipo zikakukwana bwino ndi zomwe zimauza ma ski kokhotera. Jombo zokhwepa zili ngati kupalasa njinga ya handulo yogwedera: iwe ukhotera kuno, iyo ikuganiza kaye. Amene timabwera kusukulu pa njinga zobwereka mukundimva. Koma jombo nazonso sizogula osayesa, ndipo za pa Facebook zija zinali zazikulu moti akanalowetsamo masokosi atatu.

Zoyenera kugula wongoyamba ndi zing'onozing'ono zokhudza thupi lake: masokosi aatali okhuthala bwino, magolovesi osalowa madzi, ndi magalasi oteteza maso. Magalasiwo si ofuna kutchena ayi. Sinowo amabweza kuwala kwa dzuwa, ndipo pamwamba pa phiri dzuwa limaluma kwambiri, moti maso amatha kupsa n'kumalasa ngati mwalowa mchenga. Chipewa cholimba choteteza mutu amahayalitsanso, ndipo chimenecho asachisiye ngakhale tsiku limodzi.

Tinakangana milungu itatu. Tsiku lina anandiyankha kuti, "Iwe mwana, ndalama ndi zanga." Ndinangomutumizira chithunzi cha masamu aja, olembedwa kumbuyo kwa kope langa la Agriculture, osaonjezera mawu. Anakhala masiku anayi osayankha, amayi n'kumati ndamukhumudwitsa ndipo ndimupepese. Tsiku lachisanu anatumiza chithunzi cha magolovesi akuda ndi masokosi mapeyala awiri, pansi pake atalemba kuti, "Za malata ndatumiza, uwauze azakhali."

Ndalamazo zinakwana malata 14 okha, chifukwa mitengo inali itakwera kale. Tinafolera chipinda chogona agogo ndi theka la pabalaza, kwinako kudakali udzu. Msuweni akuti abwana akukamba zopitanso ku Lesotho mu July, ndipo ulendo uno akufuna kuyesa ma ski otalikirapo pang'ono, a hayala. Wandilonjeza kanema wa mmene akutsetserekera. Akatumiza ndidzapempha amayi foni tsiku la Lachisanu, ofuna kuona mudzandipeze pansi pa mtengo wa mango nthawi ya buleki.