Napolo ndi Zilombo Zosintha Maonekedwe M'nkhani

Pa mayeso mungafunsidwe ngati mtengambali wodabwitsa, monga chinjoka chosanduka zinthu zina m'nkhani zopeka za sayansi, ali womveka. Musathamangire kulemba kuti zoterezi kulibe. Funso likufuna muone ngati mlembi wachititsa owerenga kukhulupirira.

Taganizirani za Napolo. Mu Disembala 1946 kunagwa chimvula pa phiri la Zomba. Madzi, matope ndi miyala zinatsikira m'tauni, zinakokolola milatho ndi nyumba, anthu n'kufa. Anthu anati chinjoka chokhala pansi pa phiri chikusamukira kunyanja. Onani kuti umboni wake si mamba kapena mano ayi. Napolo amaoneka ngati chigumula, amamveka ngati mkokomo wa miyala, ndipo njira imene wadutsa imatsala poyera. Komanso ali ndi malamulo ake: amadza ndi mvula, amatsika, sakwera phiri. Chilombo chotere sichivuta kuchikhulupirira, ndipo Steve Chimombo anachisandutsa chiphiphiritso mu Napolo Poems (1987).

Chinjoka chongosanduka chilichonse mlembi akasowa pothawira chimafooketsa nkhani. Choncho poyankha, tchulani malamulo a chilombocho, kenaka sonyezani ndime imene mlembi wawasunga kapena wawaswa.