Tebulo la Anzako ndi Tebulo la Alendo

Munthu akagula buku la Dungeons & Dragons ndi madayisi ake, kuphatikizapo lija la mbali 20, amakhala atapeza zonse kupatula chimene masewerawo amadalira, ndicho anthu. Pa bawo umangofuna mnzako mmodzi, ndipo mumamaliza dzuwa lisanalowe. Apa pamafunika anthu anayi kapena asanu, aliyense atasenza munthu wongopeka, wina wankhondo, wina wamatsenga, wina mbala, ndiponso mmodzi woyendetsa nkhani, amene amamutcha Dungeon Master. Iyeyu amafotokoza malo ndi zoopsa zake, osewera amanena zimene anthu awo achite, dayisi n'kugamula ngati zatheka. Kukumana kumodzi kumadya maola atatu kapena anayi, ndipo nkhani imodzi imatha kuyenda miyezi, mwina zaka. Wofuna gulu ali ndi njira ziwiri: kutenga anzake akale n'kuwaphunzitsa masewerawo, kapena kupita kwa alendo amene amawakonda kale n'kuyesa kupalana nawo ubwenzi.

Njira zonsezi zilipo kuyambira pachiyambi. Gary Gygax ndi Dave Arneson, amene anadzayambitsa masewerawa, anakumana mu 1969 pa msonkhano wa Gen Con ku Lake Geneva, m'chigawo cha Wisconsin, ali alendo okopedwa ndi chinthu chimodzi, masewera a nkhondo a tiasilikali tapatebulo. Koma Arneson anakulitsa dziko lake la Blackmoor ndi anzake a ku Minneapolis ndi Saint Paul, ndipo Gygax anayamba kuyesa malamulo atsopanowo kunyumba ndi ana ake. Buku limene linatuluka mu 1974 linabadwa kwa alendo awiri, koma linaleredwa pakati pa anthu odziwana.

Chuma cha tebulo la anzako ndi kumasukirana. Masewerawa amafuna kuti munthu wamkulu, wandevu zake, asinthe mawu n'kulankhula ngati nkhalamba yolondera chipata, kapena apemphe chifundo kwa mfumu imene kulibe. Pamaso pa anthu amene munakulira limodzi, manyazi amenewa amatha msanga. Ukalakwitsa amaseka, nawenso n'kuseka. Chuma cha tebulo la alendo ndi chilakolako. Amene wakwera basi kupita kusitolo yamasewera madzulo a Lachitatu, kapena wayankha chilengezo pa Discord, malo ochezerapo pa intaneti, sanabwere kudzakusangalatsa. Wawerenga malamulo, pepala la munthu wake walilemba kale, ndipo nthawi ikakwana wakhala pampando.

Chimene tebulo lina lili nacho n'chimene linalo likusowa. Anzako anabwera chifukwa cha iwe. Woyendetsa nkhani wachezera masiku atatu kujambula mapu a mzinda wokwiririka, wakonza mawu a mlonda aliyense. Akuti ayambe kufotokoza khomo lamwala, wina ali pa foni, awiri akukambirana za mpira wadzulo, wachinayi akufunsa kachisanu kuti aponye dayisi liti. Palibe amene walakwa, onse amamukonda, ndipo n'chifukwa chake zimapweteka mwakachetechete. Alendo anabwera chifukwa cha masewera, koma mawu akuti masewera sakutanthauza chinthu chimodzi kwa onse. Robin Laws, m'kabuku kake ka mu 2002 kolangiza oyendetsa nkhani, anasiyanitsa mitundu ya osewera: wofuna kuti munthu wake achuluke mphamvu, wofuna kumenya basi, wokonda kukonza njira zogonjetsera adani, wokonda kulowa mumtima mwa munthu wake, wotsata nkhani, ndi wongobwera kudzakhala ndi anthu. Wamtundu womalizawu amachuluka pakati pa anzako. Enawo amakumana pakati pa alendo, aliyense ali wotsimikiza kuti kasewero kake ndiye koona, ndipo palibe ubwenzi wakale woti uziziritse mkangano ukabuka.

Kupeza alendo masiku ano n'kosavuta. Kampani ya Paizo inayambitsa Pathfinder Society mu 2008, ndipo ya Wizards of the Coast inakhazikitsa Adventurers League mu 2014. M'madongosolo onsewa munthu amatha kunyamula munthu wake wongopeka kuchoka pa tebulo lina kupita pa lina, m'masitolo ndi m'misonkhano, malamulo ali amodzimodzi. Roll20, njira yosewerera pa intaneti imene inayamba mu 2012, inachotsa ngakhale vuto la mtunda, moti wokhala kutali ndi sitolo iliyonse yamasewera amangofunika intaneti yodalirika. Akuluakulu anati mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo pa tebulo izi n'zoona: mlendo ndi amene amakuonetsa kuti kulinso Call of Cthulhu, masewera a mu 1981 amene nzeru yake ndi kufufuza ndi kuthawa osati kumenya, pamene anzako akanakhala pa buku limodzi mpaka kalekale. Koma akuluakulu omwewo anatinso mlendo ndi mame. Kulowa kukaphweka, kutuluka nakonso kumaphweka.

Pamene ndimaona kuti matebulo awiriwa asiyana kwambiri ndi pa nkhani yonena zoona. Osewera ambiri tsopano amayamba ndi chimene amachitcha session zero, kukumana koyamba kopanda kuponya dayisi, kongogwirizana: tikumana liti, nkhani ikhala yoseketsa kapena yoopsa, kodi munthu wa wina angabere munthu wa mnzake, ndi zinthu ziti zimene sitikufuna kuzimva. Ena amaika pakati pa tebulo khadi lolembedwa X, njira imene anayambitsa John Stavropoulos. Wina akaligwira, nkhani imapatuka popanda kumufunsa chifukwa. Kwa alendo zimenezi zimabwera mwachibadwa, poti aliyense akudziwa kuti sadziwana. Kwa anzako zimaoneka ngati mwambo wosafunika, poti aliyense akuganiza kuti amadziwana. Komatu mnzako wa zaka khumi akhoza kukhala ndi bala limene sanakuuzepo, ndipo tsiku limene nkhani yafika pa mwana wodwala m'mudzi wongopekawo, iye amangoti zii, sabata yotsatira n'kupereka chifukwa china chosabwerera. Mlendo akadagwira khadi. Mnzako amaopa kukuwonongera chimene wavutikira.

N'chimodzimodzi wina akamasokoneza. Mlendo wolanda mawu a ena kapena wonyoza, mumamulembera uthenga waulemu, nkhani yathera pomwepo, ndipo mtengo wake ndi mpando umodzi wopanda munthu. Akakhala mlamu wako kapena mnzako wa kusukulu, mumapirira miyezi, chifukwa kumuchotsa pa tebulo kuli ngati kumuchotsa pakhomo. Komabe kupirira kumeneku sikuti nthawi zonse n'kutaya. Anthu ena amene poyamba anali olemetsa amasintha chifukwa anapatsidwa nthawi, nthawi imene alendo sakanawapatsa.

Ambiri amaloza Critical Role, gulu limene masewera ake amaonetsedwa pa intaneti, ngati umboni wakuti anzako ndiwo abwino. N'zoona kuti gululi linayamba ngati masewera apanyumba, okondwerera tsiku lobadwa la Liam O'Brien, Matthew Mercer akuyendetsa nkhani, lisanayambe kuonetsedwa pa intaneti mu 2015. Koma anthuwa ntchito yawo ndi yolankhula m'makatuni ndi m'masewera apakompyuta. Anali ndi ubwenzi, analinso ndi luso ndi njala ya masewerawo. Umboni wawo ukuimira mbali zonse ziwiri, ndipo woyesa tebulo lake ndi muyeso umenewu amalakwira anzake ndi alendo omwe.

Mdani wa onse ndi kalendala. Ben Robbins analemba mu 2007 za njira yake ya West Marches, yokhala ndi osewera ambiri kuposa mipando, pamene amene apeza mpata amapangana okha tsiku n'kuuza woyendetsa nkhani. Njirayi imathandiza, koma magulu ambiri amafabe, ndipo amafa mosiyana. La anzako limafa pang'onopang'ono: wina wabereka, wina wayamba ntchito yausiku, mwezi uno tilumphe, wamawa tionana. Patapita zaka ziwiri mumakumana pa ukwati, wina n'kufunsa kuti paja tinasiyira pati, ndipo onse amakumbukira kuti munali pa mlatho, chinjoka chili kutsidya. La alendo limafa tsiku limodzi. Lachitatu lafika, anthu atatu alowa pa Discord, adikira theka la ola, woyendetsa nkhani sakuyankha. Mmodzi wa otsalawo munapulumutsana naye kambirimbiri kwa miyezi isanu ndi itatu. Ukudziwa dzina la wamatsenga wake, mudzi umene wamatsengayo anabadwira ndi chimene ankaopa, koma ukafuna kumulembera kuti mufune tebulo lina limodzi, umapeza kuti dzina lake lenileni sunamufunsepo.